Zaka za kukhothi kapena mapepala a kafukufuku: mmene sukulu za zamalamulo zimasankhira aphunzitsi

Loya amene wagwira ntchito zaka 25, amene majaji amamuzindikira ndi mawu okha asanadzutse mutu, akhoza kufunsira ntchito yophunzitsa pa sukulu ya zamalamulo koma osaitanidwa n'komwe ku intaviyu. Malo omwewo n'kupita kwa munthu wa zaka 32 amene sanaimirepo munthu pamlandu, koma ali ndi nkhani ziwiri za kafukufuku zomwe zinasindikizidwa kale. Ambiri akamva zimenezi amathamangira kunena kuti pali kukondera. Kukondera kumakhalapo ndithu, ndipo tifikako, koma gwero lake lili pena. Sukulu ya zamalamulo imatumikira ambuye awiri. Mbuye woyamba ndi ntchito ya uloya, yomwe imafuna anthu odziwa kulemba chikalata cha mgwirizano ndi kupanikiza mboni ndi mafunso. Wachiwiri ndi yunivesite, yomwe imayeza munthu ndi zimene wafufuza n'kulemba. Nthawi iliyonse imene komiti yakhala pansi kuti isankhe mphunzitsi, imakhala ikusankhanso mbuye amene imumvere, ndipo kwa zaka zoposa 150 tsopano yunivesite ndiyo yakhala ikupambana.

Kale maloya ankaphunzira ntchito mu ofesi ya loya wamkulu, kukopera zikalata ndi kuwerenga mabuku a bwanayo. Sukulu zoyambirira za zamalamulo ku America zinkalemba majaji ndi maloya otchuka kuti azibwera kudzalankhula kwa ophunzira akapeza mpata. Zinthu zinatembenuka ku Harvard. Mu 1870 mkulu wa yunivesiteyo, Charles Eliot, anabweretsa Christopher Columbus Langdell, loya wa ku New York, ndipo Langdell anayambitsa njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zigamulo zenizeni za makhothi. Ophunzira ankawerenga chigamulo, mphunzitsi n'kumawafunsa mafunso mpaka mfundo ya lamulo itaonekera. Mu 1873 sukuluyo inalemba James Barr Ames, wophunzira wa Langdell yemwe anali atangomaliza digiri yake chaka chapitacho ndipo analibe mbiri ya kukhothi yoti n'kuitchula. Maloya ambiri anakwiya nazo. Langdell sanabwerere m'mbuyo. Maganizo ake anali akuti chimene chimayenereza munthu kuphunzitsa malamulo si kuzolowera kuwagwiritsa ntchito mu ofesi kapena kukhothi ayi, koma kuzolowera kuwaphunzira. Ames anadzakhala mkulu wa sukuluyo mu 1895, ndipo mtundu wa mphunzitsi umene iye anayambitsa, munthu amene ntchito yake yonse ndi kuphunzitsa ndi kulemba, unafalikira m'dziko lonselo.

Ku America malamulo amaphunziridwa munthu atatenga kale digiri ina. Digiri ya zamalamulo, ya JD, imatenga zaka zitatu, ndipo kwa nthawi yaitali inali yokwanira kuti munthu akhale pulofesa. Komiti inkayang'ana zinthu zochepa: sukulu imene munthu anaphunzirako, mmene anakhozera, ngati anali m'gulu la akonzi a magazini ya zamalamulo ya pasukulupo, ndiponso jaji amene anamugwirira ntchito atangomaliza. Kugwirira ntchito jaji wa khothi la apilo, makamaka wa Supreme Court, kunali ngati chiphaso cholowera. Kenako zaka ziwiri kapena zitatu mu kampani ya maloya, basi. Ankamulemba chifukwa chooneka kuti ndi wanzeru, poyembekezera kuti adzalemba zinthu m'tsogolo.

Lero chiyembekezo chokha sichigula malo. Wofunsira ntchito amayenera kufika ali ndi nkhani zosindikizidwa kale, kuphatikiza ina yatsopano, yaitali, yomwe ndiyo adzaikambe pamaso pa aphunzitsi onse. Vuto n'lakuti loya wa m'kampani yaikulu, amene amaweruka usiku, alibe nthawi yolemba nkhani ya masamba 60. Pachifukwachi panabadwa makwerero ena apakati: ntchito za chaka chimodzi kapena ziwiri zimene munthu amaphunzitsa pang'ono n'kumalemba kwambiri. Bigelow ku Chicago ndi Climenko ku Harvard ndi zitsanzo zodziwika. Ambiri amawonjezeranso PhD m'maphunziro ena monga zachuma, mbiri, filosofi kapena ndale. Izi si zachilendo kwenikweni, pajatu Ronald Coase, katswiri wa zachuma amene analandira mphoto ya Nobel mu 1991, anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya zamalamulo ya Chicago mu 1964 asali loya. Chachilendo n'chakuti zimene zinali za anthu owerengeka zasanduka njira ya ambiri. Ndipo pali chinthu chimene amene ali kunja sachikhulupirira akamva koyamba: zaka za uloya zikachuluka zimatha kumuchotsera munthu mwayi. Makomiti ena akaona zaka 15 za ntchito popanda cholembedwa chilichonse, amaganiza kuti munthuyo watopa ndi makasitomala ndipo akufuna pokapumira.

Kalembedwe ka ntchito kameneka kali ndi dongosolo lake. Bungwe la sukulu za zamalamulo ku America, la AALS, lomwe linakhazikitsidwa mu 1900, limasonkhanitsa mafomu a onse ofuna ntchito n'kuwatumiza ku sukulu zonse. Fomuyo ndi yaifupi: sukulu zimene unaphunzirako, majaji amene unawagwirira ntchito, zimene unasindikiza, maphunziro amene ungaphunzitse, anthu amene angakuchitire umboni, ndi madera amene sungapiteko. Komiti imawerenga mafomu mazanamazana, ndipo fomu imodzi imatha kuikidwa pambali m'mphindi imodzi. Kwa zaka zambiri osankhidwawo ankakumana ndi makomiti mu hotela imodzi yaikulu ku Washington, kumapeto kwa chaka. Sukulu iliyonse inkatenga chipinda chake. Wofunsira ntchito ankagogoda, kukhala pampando moyang'anizana ndi aphunzitsi angapo, kuyankha mafunso kwa mphindi pafupifupi 25, n'kutuluka chothamanga kukasaka chipinda china kumapeto ena a hotelayo. Mliri wa Covid-19 utabwera, gawo limeneli linasamukira pa intaneti.

Amene wadutsa apa amaitanidwa kusukulu kwa tsiku lathunthu. Mtima wa tsikulo ndi ola limodzi, kawirikawiri nthawi ya nkhomaliro. Mlendoyo amapatsidwa mphindi pafupifupi 20 kuti afotokoze mfundo ya nkhani yake, kenako manja amakwera. Wina wa zamisonkho amafunsa za ndalama zimene ganizolo lingadye. Wina wa malamulo a milandu yaupandu amapeka mlandu wongoyerekeza umene ukugwetsa mfundo yonse, n'kufunsa kuti, "Nanga apa mungagamule bwanji?" Chimene akuyeza si kudziwa yankho lililonse ayi. Akufuna aone ngati munthuyo amamva funso mpaka kumapeto, ngati amavomereza pamene mfundo yake yafooka popanda kuitaya yonse, ndiponso ngati sapsa mtima. Kumbuyo kwa mafunsowo kuli ganizo limene palibe amalinena mokweza: munthu uyu tikhoza kukhala naye m'misonkhano kwa zaka 30. Pambuyo pake aphunzitsi amavota, ndipo m'sukulu zina kupambana ndi voti imodzi sikukwanira, pamafunika mavoti ochuluka kuposa pamenepo.

Akalembedwa, amayamba zaka za kuyesedwa, nthawi zambiri zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, asanapatsidwe tenure, chitetezo chakuti sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chachikulu. Cholinga chake n'choti pulofesa athe kudzudzula chigamulo cha khothi lalikulu kapena lamulo la boma popanda kuopa kutaya ntchito. Pomuyeza amaona zinthu zitatu, kafukufuku, kaphunzitsidwe ndi ntchito zina zothandiza sukulu, koma aliyense amadziwa kuti choyambacho n'chimene chimalemera. Nkhani zake zimatumizidwa kwa akatswiri a m'sukulu zina kuti anene maganizo awo. Chodabwitsa china apa n'chakuti magazini ambiri otchuka a zamalamulo ku America amakonzedwa ndi ophunzira, mwambo umene Harvard Law Review, yomwe inayamba mu 1887, inaukhazikitsa. Choncho tsogolo la pulofesa limadalira pang'ono pa zimene ana asukulu a chaka chachiwiri ndi chachitatu asankha kusindikiza. M'maphunziro ena onse a pa yunivesite zimenezi zikanaoneka zamanyazi.

Majaji sanakhale chete. Mu 1992 Harry Edwards, jaji wa khothi la apilo ku Washington yemwe anakhalapo pulofesa, analemba mu Michigan Law Review kuti sukulu za zamalamulo ndi ntchito ya uloya zikutalikirana, ndipo kuti aphunzitsi ambiri akulemba zinthu zopanda ntchito kwa jaji kapena loya. Mu 2011 jaji wamkulu John Roberts anaseka kuti ukatsegula magazini ya zamalamulo ukhoza kupeza nkhani ya mmene maganizo a katswiri wa filosofi Immanuel Kant anakhudzira malamulo a umboni ku Bulgaria m'zaka za m'ma 1700. Pulofesa wina, Orin Kerr, anadzalembadi kankhani kakafupi pa mutu womwewo, n'kupeza kuti Kant sanakhudze chilichonse kumeneko. Nthabwala pambali, dandaulo la majajiwa lili ndi mfundo, ngakhale limapitirira malire. Si ntchito ya pulofesa kulembera loya zoti akanene mawa kukhothi. Maganizo ambiri amene lero ali m'zigamulo anayambira m'nkhani zimene pa nthawiyo zinkaoneka zakutali ndi moyo. Koma n'zoonanso kuti wophunzira amene walipira zaka zitatu ali ndi ufulu wokumana ndi munthu amene anakhalapo ndi kasitomala wolira mu ofesi.

Sukulu zinayankha dandauloli mwa njira imene, m'maganizo anga, ndiyo mbali yosakoma kwambiri ya nkhani yonseyi. Sizinasinthe zoyenereza za pulofesa. Zinangotsegula khomo lina lam'mbali. Loya wina, Jerome Frank, anali atafunsa kale mu 1933 chifukwa chake maloya saphunzira ngati madokotala, pogwira milandu yeniyeni moyang'aniridwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndalama za Ford Foundation zinathandiza kuti makiliniki a zamalamulo afalikire, momwe ophunzira amathandiza anthu osauka pa milandu yawo. Aphunzitsi a m'makilinikiwa amalembedwa chifukwa cha luso lawo la uloya, ndipo ayenera kukhala ndi chiphaso chogwirira ntchitoyo. Palinso aphunzitsi a kalembedwe ka zikalata za malamulo, amene amachonga mapepala ambiri kuposa wina aliyense pasukulupo. Kenako pali maloya ndi majaji obwera madzulo kudzaphunzitsa phunziro limodzi pa malipiro ochepa. Malamulo a American Bar Association, bungwe limene limavomereza sukuluzi, amati aphunzitsi a m'makiliniki apatsidwe chitetezo chofananako ndi tenure, koma kufananako si kufanana. Ambiri amakhala pa kontirakiti ya zaka zingapo, amalandira zochepa, ndipo m'sukulu zina savota pamene akusankha pulofesa watsopano. Bungwe lomwelo limafuna kuti wophunzira aliyense atenge maphunziro a ntchito yeniyeni asanamalize. Ndiye kuti phunziro n'lokakamiza, koma woliphunzitsa ali pa mpando wapansi.

M'mayiko ena a ku Ulaya funso lakuti kodi PhD ndi yofunika silifunsidwa n'komwe, chifukwa yunivesite inapambana kalekale. Ku Germany munthu amalemba mayeso a boma oyamba akamaliza maphunziro, ambiri amapitiriza ndi zaka ziwiri za kuphunzira ntchito m'makhothi ndi m'maofesi n'kulemba mayeso achiwiri, kenako digiri ya udokotala. Apo sanafike. Pamafunika buku lina lachiwiri, lalikulu kuposa loyamba ndipo pa mutu wosiyana, lotchedwa Habilitation, limene limamupatsa chilolezo chophunzitsa nthambi zakutizakuti za malamulo. Ambiri amamaliza ali pafupi zaka 40, atakhala nthawi yonseyo pansi pa pulofesa mmodzi. Mwambo wake ndi wakuti malo oyamba a upulofesa asakhale pa yunivesite imene wakulira, ayenera kuitanidwa kwina. Komiti imamvetsera ofunsira akuphunzitsa, n'kulemba mayina atatu motsatana ndi mmene yawakondera. Mu 2002 dzikolo linayambitsa udindo wa pulofesa wamng'ono kuti lifupikitse njirayi, koma ku zamalamulo buku lachiwirilo likadali ndi mphamvu.

France inasankha mpikisano wa dziko lonse, agrégation. Amene ali ndi digiri ya udokotala amaonekera pamaso pa gulu la oweruza, kuteteza zolemba zawo, kenako kupereka maphunziro pa mitu imene apatsidwa mwa maere. Kwa zaka zambiri gawo lotchuka linali phunziro la maola 24. Munthu ankatola mutu m'mawa, n'kuthamangira kumene gulu la anzake amene anawasonkhanitsa likumudikira ndi mabuku. Usiku wonse ena akufufuza, ena akukonza ndondomeko, mwini wake akuyesa kugona maola awiri, ndipo m'mawa mwake amaima yekha kulankhula kwa mphindi 45 ngati kuti mutuwo wakhala akuuphunzitsa moyo wake wonse. Odutsa amaikidwa pa mndandanda, ndipo woyamba ndiye amayamba kusankha yunivesite imene akufuna. Apa sukulu sisankha mphunzitsi, mphunzitsi ndiye amasankha sukulu. Mayiko a mu Africa olankhula Chifalansa ali ndi mpikisano wofanana nawo pansi pa bungwe la CAMES, lomwe likulu lake lili ku Ouagadougou.

Ku Britain ndi m'mayiko ambiri amene anatengera dongosolo lake, malamulo ndi digiri yoyamba, LLB, choncho wophunzitsa amayembekezeka kukhala ndi yoposa pamenepo. Poyamba digiri yachiwiri ya zamalamulo, LLM, inali yokwanira, ndipo mayina ena akuluakulu analibe PhD. H.L.A. Hart anagwira ntchito ya uloya ku London kwa zaka zisanu ndi zitatu nkhondo yachiwiri isanamusokoneze, ndipo mu 1952 anakhala pulofesa ku Oxford asanalembe buku limene linamutchukitsa. Lero fomu yake ikanavuta kudutsa. Chimene chinasintha zinthu ndi ndalama. Boma limayeza kafukufuku wa yunivesite iliyonse pakapita zaka zingapo, kudzera mu dongosolo limene kuyambira 2014 limatchedwa REF, ndipo zotsatira zake zimakhudza ndalama ndi mbiri ya sukulu. Mkulu wa sukulu akamalemba lekichara watsopano amawerengera nkhani zimene munthuyo adzabweretse pa kuyezedwa kotsatira. India imafuna LLM ndi kukhoza mayeso a dziko lonse a NET, pamene malamulo a bungwe loyang'anira maloya, Bar Council of India, saloleza munthu wolembedwa ntchito yokhazikika ya malipiro kuti aziimiranso anthu kukhothi. Mphunzitsi amasankha chimodzi. Mu 2022 bungwe loyang'anira mayunivesite kumeneko linatsegula udindo wa professor of practice kuti akatswiri a ntchito alowe popanda madigiri a kafukufuku. Ndi khomo lam'mbali lija, m'dziko lina.

Kumene malipiro a yunivesite ali otsika kwambiri poyerekeza ndi a kampani ya maloya, vuto limatembenuka. Sukulu imalemba pa chidziwitso cha ntchito kuti ikufuna PhD, koma ofunsira amene ali nayo ndi ochepa. Imalemba wophunzira wake amene wakhoza bwino, kumutumiza kunja kukachita LLM ndi PhD, ndipo akabwerera amakopedwa ndi boma, mabungwe akunja kapena mpando wa ujaji. Otsalawo amaphunzitsa m'mawa n'kuthamangira kukhothi masana. Ophunzira awo amamva za milandu yeniyeni tsiku lililonse, chinthu chimene jaji Edwards uja ankachilira, koma mapepala awo amachedwa kuchongedwa ndipo mabuku ofotokoza malamulo a dzikolo salembedwa.

Tsopano za kukondera kuja. Zoyenereza zimaoneka ngati sikelo yosayang'ana nkhope, koma zimatengera amene anali ndi mwayi wofika pamene zimagawidwa. Ku America aphunzitsi ambiri amachokera m'sukulu zochepa, Yale ndi Harvard patsogolo, kenako Stanford, Chicago, Columbia ndi zina zowerengeka. Pulofesa wotchuka akaimbira foni mnzake za wophunzira wake, fomu ya wophunzirayo imawerengedwa kawiri. Njira yatsopano ija ya makwerero apakati ndi PhD imafuna munthu amene angathe kukhala zaka zingapo pa malipiro ochepa, akusamuka mzinda ndi mzinda, zimene n'zovuta kwa amene ali ndi ngongole ya sukulu, ana kapena abale omudalira. Ruth Bader Ginsburg, amene anadzakhala jaji wa Supreme Court, anamaliza ku Columbia ali m'gulu la okhoza koposa, koma atalembedwa ku yunivesite ya Rutgers mu 1963 anauzidwa kuti alandira zochepa chifukwa mwamuna wake ali pa ntchito yabwino. Mu 1972 anakhala mkazi woyamba kupatsidwa tenure pa sukulu ya zamalamulo ya Columbia. Derrick Bell, munthu wakuda woyamba kupatsidwa tenure pa sukulu ya zamalamulo ya Harvard mu 1971, anasiya kulandira malipiro mu 1990 potsutsa kuti panalibe mkazi wakuda ndi mmodzi yemwe pa udindo umenewo. Yankho limene limaperekedwa pa madandaulo otere nthawi zonse ndi lakuti oyenerera sakupezeka, ngati kuti mndandanda wa zoyenerezawo unagwa kuchokera kumwamba. Mkazi wakuda woyamba pa udindowo, Lani Guinier, anadzalembedwa ku Harvard mu 1998.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagonjetsa zonsezi mwakachetechete, ndicho ndandanda ya maphunziro. Ofunsira ambiri amafuna kuphunzitsa za malamulo oyendetsera dziko, za ufulu wachibadwidwe kapena za malamulo a pakati pa mayiko. Koma ophunzira a chaka choyamba amafunika wina wowaphunzitsa za mapangano, za katundu ndi malo, ndi za kayendetsedwe ka milandu, ndipo misonkho, malamulo a makampani ndi za chuma cha masiye sizikhala ndi ozifuna ambiri. Pulofesa wa zamisonkho akapuma ntchito mu June, komiti imene chaka chatha inkakana aliyense wopanda nkhani zitatu imayamba kuwerenga mwachifundo fomu ya loya wa zamisonkho amene ali ndi nkhani imodzi, bola akhale wokonzeka kulowa m'kalasi teremu ikamatsegulidwa.